Khoswe Wodya Makoma

"Alamu, thamangani mudzaone! Khoswe wanu uja wayamba kudya nyumba!"

A Choko anali asanatsamiritse n'komwe njinga pakhonde. Analowa ndi makope a ana ali kukhwapa, n'kupeza alamu awo, a Giya, atakhala patebulo lodyera, mimba itakanikiza tebulo, chala chimodzi chonenepa chili pa batani la kiyibodi. Pa sikirini ya kompyuta khoswe ankayenda mowongoka ngati msilikali, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Akafika pa khoma sankaima. Ankalowa m'khomamo n'kutulukira mbali inayo, kumbuyo kwake kutatsala chibowo.

"Mwatani?" anafunsa a Choko.

"Ine? Ndangodina monga mwa nthawi zonse. Koma uyu ndi khoswe wa m'tauni ndithu. Mtedza sakuuwerengera, akufuna njerwa."

"Nanga mphaka ali kuti?"

"Mphaka ndiye anachoka kalekale. Anaboola khoma la kumtundaku, osatsanzika. Ndikuona ngati wapeza ntchito kwina."

A Giya anaseka mpaka mpando unalira. A Choko sanaseke.

Khosweyo sanali wa ubweya ndi ndevu ayi. Anali kachizindikiro kaja ka pa imelo, ka a kodzikulunga ndi mchira wake. Makoma anali mizere ya mahashi, aja timadina pomaliza tikamalowetsa mayunitsi pa foni. Mtedza unali tizilembo ta o, ndipo mphaka anali M wamkulu, chifukwa a Choko anaona kuti chilembo chimenechi chili ndi makutu awiri osongoka. Gemu yonse inali yomweyo: khoswe adye mtedza wonse m'tinjira tokhotakhota mphaka asanamugwire.

Anailemba okha a Choko, mphunzitsi wa masamu pa sekondale ya kuseri kwa msika, amene ana anawapatsa dzinali chifukwa thalauza lawo silinkasiyana ndi fumbi la choko. Ndipo sanailembe chifukwa chosowa chochita. Pasukulupo panali chipinda cha makompyuta khumi ndi awiri akalekale, a mitu ikuluikulu ngati uvuni. Sankaonetsa zithunzi, koma zilembo zokhazokha pa mdima. Kwa zaka zitatu anangofunda nsalu ngati odwala malungo. Tsiku lina pa msonkhano wa aphunzitsi, a Hedi analengeza kuti chipindacho chisanduka mosungira madesiki othyoka.

"Zinthu zosaonetsa ngakhale nkhope ya munthu, ana aphunzirapo chiyani?" anatero a Hedi.

A Choko anaimirira. Mpaka lero sadziwa chimene chinawaimiritsa. Ananena kuti makompyutawo ndi amoyo, ndipo iwo atha kuwachititsa zinthu zoti ana azilimbirana pakhomo.

"Chabwino," anatero a Hedi, akumwetulira ngati munthu amene nsomba yadzilowera yokha mu ukonde. "Komiti ya sukulu ikubwera Lachitatu lomaliza la mwezi uno. Mudzaionetse zimenezo. Zikadzakanika, madesiki mudzanyamula ndinu."

Choncho a Choko anamanga kompyuta imodzi pa keliyala ya njinga, pamodzi ndi buku lopanda chikuto limene linabwera ndi makinawo, n'kukaikhazika patebulo lodyera kunyumba. Akaweruka ankakhala pamenepo, chala pa buku, chala pa batani. Chimene chinawavuta kwambiri chinali kumupatsa maso khosweyo, paja kachizindikiro sikaona. Pomaliza analemba lamulo lakuti khoswe asanaponde, pulogalamu iyambe yawerenga chilembo chimene chili pa sikirini kutsogolo kwake, n'kuchiyerekeza. Chikafanana ndi hashi, khoswe aime, limenelo ndi khoma. Chikafanana ndi o, adye. Chikafanana ndi M, basi, maliro.

Pofika Lachinayi zonse zinkayenda bwino, ndipo woyamba kukodwa nazo anali a Giya. Awa anali achimwene awo a mayi a m'nyumbamo, dalaivala wa lole yaikulu imene inafera m'tauni momwemo ndipo inkadikira sipeya ku galaja. Anabwera akunena kuti ndi za masiku atatu. Imeneyi inali sabata yachitatu. Tsiku limenelo anathamangitsana ndi mphaka mpaka chakudya chinazizira, akukuwa ngati ali pa msewu waukulu: "Choka apo iwe! Ndakupatsa indiketa!"

Lachisanu, akazi awo a Choko, amene ankagulitsa penti m'sitolo ya zomangira, anasuzumira pa phewa la amuna awo.

"Bambo, gemu yanuyi ili ngati chithunzi cha mafupa cha kuchipatala. Kuda ndi kuyera basi? Komiti idzasinza."

A Choko anatsegula buku lija n'kupeza tsamba la mitundu. Makoma anawapaka kufiira, mtedza chikasu, mphaka kubiriwira.

"Mphaka wobiriwira munamuona kuti?"

"Kompyutayi mitundu yake ndi isanu ndi itatu yokha, mayi. Si sitolo yanu."

Komabe zinakongola. Anaima atatu onse akuyang'ana sikirini ngati mwana wobadwa kumene. Nthawi yomweyo aneba anagogoda kudzabwereka makwerero, nkhani n'kutalika pakhonde, ndipo a Choko anazimitsa kompyuta osadina batani ndi limodzi lomwe la khoswe.

Tsopano Loweruka masana, ataima ndi makope awo kukhwapa, masiku anayi okha komiti isanafike, a Choko ankaonerera khoswe akumaliza khoma lachitatu. Kenako maso awo anatsika pa sikirini n'kugwera pa kapu ya tiyi imene inali pambali pa kiyibodi. Pafupi ndi kapuyo panali kansanza konyowa.

"Alamu, kansanzaka n'kachiyani?"

A Giya anasiya kuseka. "Aa, timadontho tiwiri tokha. Mphaka ataboola khoma ndinadzidzimuka, chigongono n'kugunda kapu. Koma ndapukuta bwinobwino."

"Mphaka anatuluka tiyi atatayika kapena asanatayike?"

"Ndanena kale. Asanatayike."

"Inde, mukanati chiyani?"

A Choko anaika makope pansi, ananyamula kiyibodi n'kuitembenuza. Dontho limodzi la tiyi linagwa patebulo. Limodzi lokha, koma linagwa ngati mboni yofika pa nthawi yake. Ndipo mawu onse amene a Choko anawasunga m'mimba kwa masabata atatu anapeza khomo.

"Munati masiku atatu! Mpando wanga mwautenga. Wailesi mwaitenga. Sopo m'bafa akutha ngati pali amene akumudya. Zonsezo ndakhala chete. Lero mwathira tiyi pa ntchito yanga, ntchito yoti ikakanika ine ndisanduke wonyamula madesiki sukulu yonse ikuona!"

"Alamu, ine ndikuti mphaka…"

"Zala zanuzo n'za chiwongolero cha lole. Si za zinthu zofuna sukulu!"

Mayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, mpeni ndi anyezi zili m'manja. A Giya anayang'ana zala zawo, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati akuziona koyamba. Kenako anadzuka pang'onopang'ono n'kukankhira mpando pansi pa tebulo.

"Mlendo ndi mame, alamu. Dzuwa latuluka, ndaliona."

Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chikwama chawo cha zipi yakufa, chomanga ndi chingwe cha mphira.

"Achimwene, dikirani kaye," anatero mayi.

"Iyayi, mlongo wanga. Ndikagona mu lole. Lole yanga sinandifunsepo satifiketi."

Lamlungu m'nyumbamo munalibe mkangano. Bola ukanakhalapo. Mayi ankayankha chilichonse ndi mawu amodzi, ndipo mbale ikamafika patebulo inkafika ndi phokoso loti aneba amve. A Choko anayanika kiyibodi padzuwa pamwamba pa dramu. Anaimasula ndi sikuludalaivala, anazula mabatani onse, anawatsuka ndi mswachi wakale n'kuwabwezeretsa. Awiri anasinthana malo, moti akadina kuti khoswe akwere, ankatsika. Atakonza zimenezo anayesanso. Khoswe anapita pa khoma n'kulidya ngati kale.

"Tiyi uja anayenda ndi chingwe mpaka kulowa m'kati mwa makina," anatero a Choko, akulankhula ndi khoma la nyumba koma mokweza kuti mawu afike kukhitchini.

"Mphunzitsi wa masamu," anayankha mayi.

Lolemba a Choko anakopera pulogalamu yawo pa kadiski n'kupita nako kusukulu. Nthawi ya buleki anatsegula chipinda chija, anavundukula kompyuta ya pakona, anaipemerera fumbi n'kuiyatsa. Imeneyi inali kompyuta youma, yoti sinaonepo tiyi chibadwire. Makoma ofiira anaonekera. A Choko anadina batani. Khoswe anayenda, anafika pa khoma, analowa, anatulukira uko.

Anayatsa yachiwiri. Chimodzimodzi. Pa yachitatu mphaka sanadikire n'komwe, anangoboola denga n'kupita.

A Choko anakhala pansi. Ngakhale tiyi atakhala wamphamvu bwanji, sakanayenda makilomita anayi kudzalowa m'makompyuta ofunda nsalu.

Ali chikhalire choncho, analowa mayi a mu ofesi kudzafuna mapepala a mayeso oti atayipe. Mayiwa anayamba kutayipa pasukulupo a Choko akadali mwana wa sukulu, ndipo ankadziwika kuti amaona chilembo cholakwika ali pakhomo.

"Aphunzitsi, kwagwa maliro?"

"Mayi, maso anu ndi akuthwa. Tandithandizani. Ndiwerengereni mizere ya pulogalamuyi, mwina pali pamene ndinaphonya."

Mayiwo anavala magalasi, anatenga rula n'kuigunditsa pa sikirini, akutsika nayo mzere ndi mzere. Za pulogalamu sankadziwa kanthu, koma chilembo chilichonse ankachiyang'ana m'maso.

"Apa mwalemba kuti 'Mwagwida'. Palibe w."

"Siyani zimenezo, mayi."

"Ine sindisiya. Komiti idzawerenga."

A Choko anaika w. Kenako anawafotokozera mwachidule: khoswe amafunsa ngati chilembo cha kutsogolo kwake chikufanana ndi hashi, ndipo chikafanana amayenera kuima. Analoza hashi amene anamulemba mu lamulo lija, kenako anayatsa gemu n'kuloza hashi wa pa khoma.

"Uyu ndi uja, si amodzi?"

"Ndi mapasa," anatero mayiwo. "Koma uyu ndi wofiira."

"Mtundu si kanthu. Hashi ndi hashi."

"Kwa inu. Ine fomu yosainidwa ndi cholembera chofiira ndimaibweza, ngakhale dzina likhale lomwelo. Kodi mwini wakeyu mwamufunsa kuti akuona chiyani? Mukungomuuza zoti aone. Paja safunsa anadya phula."

Kwa masiku awiri a Choko anafunsa kiyibodi, anafunsa chingwe, anaweruza tiyi. Khosweyo sanamufunse.

M'buku lopanda chikuto lija munali tsamba lonena kuti kompyuta sidziwa zilembo, imadziwa manambala. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. Hashi ndi 35, o ndi 111, M ndi 77. A Choko anawonjezera mzere umodzi wolamula kuti chilichonse chimene pulogalamu yawerenga kutsogolo kwa khoswe, nambala yake izioneka pansi pa sikirini. Anayendetsa khoswe mpaka mphuno inagunda khoma.

Pansi panalembedwa 291.

"Si 35," anatero mayi a mu ofesi, amene anali ataiwala za mapepala a mayeso.

Anapita pa mtedza: 623. Mphaka anavuta, chifukwa anayenera kumuthamangira asanaboole khoma n'kuthawa. Anamupeza ulendo wachinayi: 845.

Apa ndiye a Choko anafika kwawo. Anatulutsa choko m'thumba la malaya n'kupita pa bolodi. Pa 291 anachotsa 35, panatsala 256. Pa 623 anachotsa 111, panatsala 512, amene ndi 256 kawiri. Pa 845 anachotsa 77, panatsala 768, amene ndi 256 katatu. Anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Kufiira kunali mtundu woyamba umene anasankha Lachisanu lija. Chikasu wachiwiri. Kubiriwira wachitatu.

"Mayi," anatero ndi mawu otsika, "kompyutayi ikamawerenga chilembo pa sikirini imachinyamula ndi penti wake yemwe. Imaphatikiza nambala ya chilembo ndi nambala ya mtundu. Ndiye ine ndimafunsa kuti, kodi ndi 35? Iyo n'kuyankha kuti ayi, ndi 291. Khoswe n'kumati, basi, palibe khoma."

"Ndiye sinaname."

"Sinaname ngakhale kamodzi."

Mankhwala ake anali masamu a fomu wani, omwe a Choko ankawaphunzitsa chaka ndi chaka ana akuyasamula. Nambala imene yawerengedwa igawidwe ndi 256, n'kutenga chotsala. Penti amapita ndi kugawako, chilembo n'kutsala chokha. Analemba mzerewo n'kuyatsanso gemu. Khoswe anayenda, anayenda, anafika pa khoma.

Anaima.

A Choko anadina batani mwamphamvu. Khoswe sanasunthe. Pa moyo wawo wonse anali asanaonepo chinthu chokongola ngati khoswe woima. Analumpha, anawomba m'manja, fumbi la choko n'kuti kobo. Kenako chimwemwe chija chinatsika ngati thovu la mkaka ukauchotsa pamoto, ndipo anakhalanso pa mpando.

"Ndiye wolakwa wapezeka?" anafunsa mayi a mu ofesi akupinda magalasi awo.

"Wapezeka."

"Ndani?"

A Choko anayamba kupukuta manja pa thalauza.

"Musavutike," anatero mayiwo. "Nkhope yayankha. Mapepala a mayeso ndiwafuna isanakwane thwelofu."

Madzulo a tsiku limenelo a Choko anapeza akazi awo akusita pabalaza. Njira yonse anali akukonza chiganizo, ndipo anachitulutsa mosamala ngati dzira.

"Mayi, vuto lija lapezeka. Ndi penti."

Mayi anaimika simbi. "Penti wa ndani?"

"Mitundu ija munanena kuti…"

"Bambo, ine ndimagulitsa penti kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Munthu akakapaka zenera mpaka kulephera kutseguka, sabwera kudzandiimba mlandu ine. Anapaka ndani?"

"Ine."

"Atapaka anayesa?"

"Kunabwera aneba aja a makwerero."

"Ndafunsa kuti anayesa?"

"Ayi."

"Nanga tiyi?"

A Choko anayang'ana pansi. "Tiyi alibe mlandu."

"Kawauzeni eni ake a tiyi. Ine si khoti." Anatenganso simbi n'kuikanikiza pa kolala ya malaya a amuna awo ngati kolalayo ndi imene inayankhula.

A Choko anati apita mawa. Lachiwiri anati akukonzekera komiti, ndipo zinali zoona ndithu: anasesa chipinda, anakopera gemu m'makompyuta onse khumi ndi awiri, anachapitsa nsalu zija. Koma pobwerera kunyumba anazungulira njira ya kuchipatala, yotalika ndi yokwera, kuti asadutse pa galaja.

Lachitatu komiti inafika, anthu asanu ndi mmodzi, motsogozedwa ndi mayi wapampando, mzamba wopuma pa ntchito wa mawu ngati belu. A Hedi anaima pakhomo manja ali kumbuyo. Kunja, pansi pa mtengo, madesiki othyoka anali ataunjikidwa kale kuti aliyense awaone.

A Choko anafotokoza za hashi, za o ndi za M, kenako anakhala pansi kuti aonetse. Apa m'pamene anazindikira chinthu chimene sanachiganizirepo. Gemuyo anailemba, koma kusewera sankadziwa. Woyesa nthawi zonse anali a Giya. Khoswe wawo anadya mtedza utatu, analowa m'kanjira kotsekeka, ndipo popeza makoma tsopano anali olimba, anaima pomwepo mwaulemu mpaka mphaka anafika. "Mwagwidwa," inatero sikirini, w ali pamalo pake.

Anayambanso. Mwagwidwa. Kachitatu khoswe anathamangira yekha m'kamwa mwa mphaka.

A Hedi anatsokomola mokondwa. Koma mayi wapampando anali atayandikira, chikwama chawo atachipatsa munthu wina.

"Aphunzitsi, inu mukumupereka dala mwanayu. Tasunthani."

Anakhala pa mpando, anafunsa mabatani ake, n'kuyamba. Anagwidwa. "Aa, wandizembera! Bwezani!" Anagwidwanso, koma atadya mtedza khumi ndi umodzi. Bambo wina wa komiti, wogulitsa mabuku, anadziyatsira kompyuta yoyandikana nayo. Posakhalitsa makompyuta asanu ndi imodzi anali akuyaka, ndipo m'chipindamo munali phokoso loposa la fomu thu mphunzitsi akatuluka. Belu la buleki litalira, mawindo onse anadzaza nkhope za ana.

"Ndiye ana angathe kupanga zoterezi okha?" anafunsa mayi wapampando, maso osachoka pa sikirini.

"Angathe, mayi. Ndi masamu a fomu wani."

"A Hedi, madesiki aja muwapezere kwina."

A Hedi anati analinso ndi maganizo omwewo kuyambira kale.

A Choko anatuluka pa geti ya sukulu mtima uli m'mwamba. Anapalasa mpaka pa mphambano, akuganiza za amene angamuuze nkhaniyi kuti aseke nawo bwino, makamaka za mzamba uja akukalipira mphaka. Ndipo anapeza kuti munthu woti angaseke mpaka mpando kulira analipo mmodzi yekha. Anaima, phazi limodzi pansi. Njinga yamoto inawaimbira hutala. Anakhotera ku galaja.

Lole ija inali pakona pa bwalo, kutsogolo kwake kuli kotsegula, malaya awiri atayanikidwa pa galasi la pambali. A Giya anali atakhala pa tayala lakutha, akusewera drafuti ya zitsekerero za mabotolo ndi mkulu wa amakaniko. Ndevu zinali zitamera, ndipo khosi analipendeketsa mbali imodzi ngati nkhuku yomvera bingu. Kompuresa inkalira chapafupi.

"Alamu," anatero a Choko.

A Giya anasuntha chitsekerero. "Mwasochera, aphunzitsi? Kuno n'kwa anthu osapita kusukulu."

"Ndabwera kuti ndikufotokozereni. Mwaona, chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. Ndiye mtundu ukalowapo, pamawonjezereka 256. Tsono tikagawa…"

"Amisiri," anatero a Giya kwa mkulu wa amakaniko, "kodi ine ndalembetsa kalasi?"

Mkuluyo anapukuta manja pa ovolosi, maso ali pa bolodi la drafuti. "Aphunzitsi, nkhaniyi tonse kuno tikuidziwa, taimva masiku anayi. Mawu amene akufunika ndi amodzi, ndipo ndi aafupi."

A Choko anayang'ana uku ndi uku. Amakaniko ena awiri anali atatulutsa mitu pansi pa minibasi.

"Pepani."

"Kompuresa ikusokosa," anatero a Giya. "Sindinamve."

Mmodzi wa amakaniko aja anakwawa n'kukaizimitsa. Bwalo lonse linakhala chete, moti ngakhale mayi wogulitsa nthochi pa geti anatembenuka.

A Choko anaimika njinga bwinobwino n'kuvula chipewa. "Pepani, alamu. Tiyi wanu analibe mlandu. Munandiuza zoona kuti mphaka anatuluka tiyi asanatayike, ine osamva. Amene anawononga gemu ndine, Lachisanu, ndi manja angawa. Ndipo zija ndinanena za zala zanu, ndinayankhula ngati chitsiru. Tiyeni kunyumba."

A Giya anazunguza chitsekerero pakati pa zala. Atayankhula, mawu awo anali opanda nthabwala.

"Mukudziwa, alamu, mlongo wanga uja kuti amalize sukulu, ine ndinasiya yanga n'kukwera lole. Zala zimenezi."

"Ndikudziwa."

"Mumadziwa, koma Loweruka munaiwala." Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Amati pepani sapoletsa chilonda, koma ntchentche amaingitsako." Anaika chitsekerero pansi n'kudya ziwiri za mkulu wa amakaniko. "Nanga mphaka uja anabwerera?"

"Anabwerera. Wandigwira katatu pamaso pa komiti yonse."

"Katatu!"

"Kachitatu ndinamupitira ndekha."

A Giya anayesa kudzigwira. Masaya anafufuma, mapewa anayamba kugwedezeka, kenako chiseko chinaphulika mpaka tayala limene anakhalira linkadumpha. Anaseka n'kugwira khosi, n'kubuula, n'kusekanso. A Choko anawauza za mzamba uja, za wogulitsa mabuku, za a Hedi amene anali ndi maganizo omwewo kuyambira kale, ndipo amakaniko anasiya minibasi ya eni ake n'kudzaima mozungulira.

Kenako a Giya anakwera mu lole movutikira n'kutsika ndi chikwama chawo.

"Koma pali vuto limodzi, alamu. Masiku anayi ndagona chopindika ngati sipanala. Msanawu sungandifikitse kunyumba wapansi."

"Tipeze takisi."

"Takisi ya chiyani, galimoto muli nayo?" Analoza njinga ndi mlomo.

A Choko anayang'ana keliyala ya njinga yawo, kenako anayang'ana alamu awo kuyambira kumapewa mpaka kumimba. Keliyalayo inanyamulapo kompyuta, koma kompyuta inalibe miyendo yolendewera. Anayang'ananso amakaniko, amene onse ankadikira ngati anthu oonera mpira. Anavala chipewa n'kugwira mahandulo.

"Kwerani."

Tayala lakumbuyo linaphwatalala. Anatuluka pa geti akupepesuka uku ndi uku, a Giya atakumbatira chikwama pamimba. Pa msewu wa kumsika ana a sukulu anali akuweruka, magulumagulu, ndipo ataona aphunzitsi awo a masamu ataimirira pa mapedulo, thukuta lili kamukamu, anapatuka n'kuima m'mbali.

"Mwaswera bwanji, sala!"

A Choko analibe mpweya woyankhira. Anawayankhira a Giya, akukweza dzanja pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere ngati mlendo wolemekezeka.

Atafika pa chitunda cha pafupi ndi kwawo, njinga inayamba kulira ngati mwana wa mbuzi.

"Apa m'pofunika kusintha giya, alamu," anatero a kumbuyo.

"Njinga… iyi… ilibe giya."

"Ilibe bwanji? Nanga mwanyamula ndani? Palasani, ndikuuzani pokhota."